Tambula Nambala Seveni

4 Malichi

Mphuno, mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi mwana. Kuno tadzuka. Miyezi itatu wangoti zii. Kodi kutauniko mapepala anatha? Za foni usandiuze, ukudziwa kuti ndikalowa mofululira mowa sindiimva, ndipo mawu a pafoni amapita ndi mphepo.

Nkhani ndi iyi. Ndamva kuti pa mpikisano wa mowa wakuda wa ife ofulula ang'onoang'ono, umene ukuchitikira kwanuko mwezi uno, iwe uli mmodzi wa olawa. Ndanyadira. Bambo akanakhala moyo akanavina, paja dzina la Mphuno anakupatsa ndi iwo, tsiku lija unamva chimera chikupserera iwe uli kutsidya kwa msewu.

Tsono ine ndalowetsa laga yathu yakuda, koyamba chimwalirireni bambo. Mabotolo ndatumiza sabata yatha. Sindikupempha kuti ukondere. Akuti mumalawa osaona dzina la wofulula, zili bwino. Koma mowa wa bambo iwe ungauzindikire ngakhale atakumanga kumaso. Ukaupeza ungonena zoona, basi.

Asitolo yayikulu ija anena kuti tikangofika ngakhale pachitatu, atipatsa shelefu yathuyathu. Ukudziwa tanthauzo lake kwa anthu asanu amene amadyera muno.

Undiyankhe msanga, undiuze za mwana. Wayamba sukulu?

Ndine,
Achimwene ako


17 Malichi

Okondedwa achimwene,

Moni kwa inu ndi alamu. Ife tili bwino, mwana wayamba sukulu ndipo wataya kale nsapato imodzi. Inu bwanji simulemba? Chaka chino sindinaone ndi kalata imodzi yomwe yochokera kwa inu.

Ndili ndi nkhani yoti ikusangalatseni. Loweruka ndinali mmodzi wa olawa pa mpikisano wa laga yakuda. Anatiika anthu asanu m'chipinda chapamwamba pa hotela ina, mawindo otseka, mafuta onunkhira oletsedwa. Patebulo panali madzi ndi buledi wouma wotsukira m'kamwa. Matambula anabwera khumi ndi awiri, opanda dzina, manambala okha.

Achimwene, anthu akufulula kunjaku! Nambala thu anali wakuda bii ngati oyilo wa galimoto, koma pakamwa wopepuka, fungo la khofi. Nambala folo anachulutsa kutsekemera, milomo kuchita kumatana. Nambala leveni munali utsi wokhawokha, ngati ukunyambita chumuni. Amene anapambana ndi naini. Ukamuyang'anitsa pawindo kuda kwake kumafiirira mkati, thovu lake lolimba ngati lokhalapo ntchentche osamira. Poyamba umamva khoko la buledi wotentha, kenako chokoleti pang'ono, ukameza m'kamwa mumatsala mbee, kufuna wina. Ndinakumbuka bambo.

Koma seveni! Pomuona wokongola, thovu labwino. Nditangofikitsa tambula pamphuno ndinabwerera. Batala wosasa. Palilime akuterera ngati sopo, kumbuyo kwake kuwawa kwa chimera chopserera. Mzungu wina wokalamba amene tinakhala naye pafupi anangokankhira tambula kutali. Ine ndinalemba papepala langa kuti wofulula ameneyu kapena alibe mphuno, kapena alibe manyazi. Mtolankhani anali pomwepo anaseka mpaka kutsamwa, akuti awalemba mawuwo m'nyuzi. Munthu wotere ayenera kumumwetsa thanki yake yonse yekha.

Chimene chinandiwawa n'chakuti mowa wa bambo panalibe. Ndinaufunafuna tambula ndi tambula. Bwanji simunalowetse? Naini uja mukanalimbana naye, ndikulumbira.

Munditumizireko mabotolo awiri, ndaupukwa. Onani keyala yathu kuseri kwa envulopu.

Mlongo wanu,
Mphuno


29 Malichi

Mphuno,

Moni ndikukupatsa chifukwa tinaleredwa ndi ulemu. Mumtima mwanga mulibe moni.

Nambala seveni ndine. Nambala seveni ndi bambo ako.

Kalata yako inafika tsiku limodzi ndi ya okonza mpikisano. Ndinayamba kutsegula yawo. Pa anthu khumi ndi awiri, ine wotsiriza. Ndinati nditsegule ya mlongo wanga, mwina andipukuta misozi. Ndinakupeza ukuseka, ukundimwetsa thanki yonse.

Usandinamize kuti kalata yanga sinafike. Ndinakaiponya ndekha pa 4. Masiku khumi ndi atatu, kalatayo inkayenda chokwawa? Unadziwa kuti mowa wathu ulipo. Unauzindikira. Ndiye unanola mpeni.

Mawu ako ali m'nyuzi, unafuna zimenezo. Mwini bala wa pangodya anandiwerengera mokweza pamaso pa makasitomala, anthu amene akhala akumwa mowa wathu iwe usanamere mano. Atatha anandibwezera makireti onse. Asitolo yayikulu sakundiyankhanso. Mayi wogulitsa nyuzi akandiona akudzigwira mphuno, anzake n'kumafa ndi phwete. Dzulo mayi wotsuka mabotolo wandifunsa ngati ayambe kufuna ntchito kwina. Ali ndi ana anayi. Ndimuyankhe chiyani? Undilembere yankho, poti iwe kulemba umatha.

Chimene chikukudya ndikuchidziwa. Zaka zisanu ndi zitatu wasunga chakukhosi chifukwa bambo anasiya fakitale m'manja mwanga. Unangodikira tsiku loti undivule pagulu, ndipo walipeza. Wakhuta tsopano?

Inu a kutauni mumamwa mowa ndi supuni, kufunafuna khofi ndi chokoleti m'tambula. Ife kuno timaunyamula pamsana. Mabotolo awiri ukufunawo ukapemphe kwa nambala naini, akhale ndiye mlongo wako.

Achimwene ako, ngati ukadali nawo


9 Epulo

Achimwene,

Moni. Tili moyo.

Kalata yanu ya pa 4 Malichi yafika dzana. Munalemba keyala ya nyumba yakale, imene tinasamukamo mu Disembala. Ndinakuuzani pafoni, inu mukukuwa kuti simukumva. Yabwera ndi mayi amene analowa m'nyumbamo. Envulopu yake ndaiika muno, muone dzanja lanu lomwe. Yachipongwe ija inafika msanga chifukwa keyala munakopera pa kalata yanga.

Nditawerenga kuti seveni ndinu, ndinakhala pansi m'khitchini. Masiku awiri chakudya sichinalowe. Zimenezo ndikukuuzani kuti mudziwe, osati kuti mundimvere chisoni.

Tsopano mumve. Mukuti ndinauzindikira. Ndikanauzindikira bwanji mowa umene si wa bambo? Dzina lawo lili pabotolo, koma m'botolomo iwo mulibe. Musawaike m'kamwa mwanu pofuna kundiliza.

Mwaiwala mmene ankachitira? M'mawa uliwonse ankalowa m'chipinda chozizira, kutapa pang'ono pampopi wa thanki, kufunditsa kapuyo m'manja, n'kununkhiza. Akamva kafungo ka batala ngakhale kakutali ankati, usiyeni ugone, yisiti sanamalize kusesa m'nyumba. Ngakhale ogula atafola pageti, ankawabweza. Inu mwautulutsa usanapse. Munathamangira shelefu ya asitolo yayikulu. Ndipo chimera munapsereza, mukudziwa, n'kuthirabe. Limenelo ndi dyera, achimwene. Amene wavula bambo pagulu ndinu, ine ndangoloza chala.

Za fakitale mwaziyamba nokha. Inde zinandiwawa. Ndinayamba kutsuka mathanki ndili ndi zaka khumi, inu muli ku mpira. Bambo akafuna kudziwa ngati mowa wapsa ankaitana ndani? Koma pogawa anati mwana wamkazi adzapita kubanja. Ndinameza, ndinanyamula chikwama changa, sindinakupempheni ngakhale chitsekerero cha botolo. Lero mukuti ndimadikira tsiku? Ndikanafuna kukugwetsani sindikanadikira zaka zisanu ndi zitatu.

Mayi wotsuka mabotolo mumuuze kuti abwana ake asiye kuthamanga. Mawu anga sindibweza.

Mphuno


21 Epulo

Alamu,

Moni kwa inu, abambo a kunyumba ndi mwana. Ndine mkazi wa achimwene anu. Sindinakulembereniko chikwatiwireni, ndipo kulemba si ntchito yanga, ndiye mukhululuke dzanja. Ndatopa. Makalata anu amawerengedwa patebulo langa, mbale zimene zikusweka ndi zanga.

Nonse awiri ndinu ana a munthu mmodzi, mitu ngati miyala. Inu mukuti dyera. Dyera lake liti, munthu amene nsapato zake zikumwa madzi?

Mumve chimene akubisa. Mukukumbuka chimfine chachikulu chimene chinawagoneka chaka chatha? Anadzuka, koma mphuno sinadzuke. Samva fungo lililonse. Pakamwa amangosiyanitsa mchere, shuga ndi kuwawa. Adokotala anati mwina zibwerera, mwina ayi. Miyezi khumi tsopano. Tsiku lina ndinawapeza ataima pambali pa chokazingira chimera, utsi uli tolotolo kumbuyo kwawo, iwo akulemba m'kabuku osadziwa kanthu.

M'mawa amatapabe mowa pathanki monga ankachitira apongozi, amanunkhiza pamaso pa antchito, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. Ndi sewero, alamu. Amangowerenga masiku pa kalendala, akakwana amathira m'mabotolo. Ine sindingawathandize, mowa sindimwa ndipo wonse umandinunkhira ngati thumba lonyowa. Antchito anayamba kale kunong'onezana koma amaopa. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, makamaka inu.

Tsiku limene anawerenga zoti alibe mphuno, analowa m'chipinda chozizira masana onse, malaya okha. Ndinachita kuwakoka. Munalasa pachilonda osadziwa, chabwino. Koma kalata yachiwiri ija munali ndi mpata wofunsa kuti achimwene chavuta n'chiyani. Simunafunse. Inu mphuno muli nayo, koma nanunso china chake chinafa.

Mathanki atatu ndi odzaza. Akuti athira m'mabotolo pa 10 Meyi kuti aonetse anthu kuti nyuzi inanama. Ngati mowawo uli ngati uja, tatseka. Chochita mukuchidziwa ndinu. Musawauze kuti ndalemba.

Mlamu wanu


27 Epulo

Achimwene,

Moni kwa nonse. Kalata yanga simunayankhe, palibe kanthu.

Ndapempha tchuthi kuntchito. Ndifika pa 7 Meyi ndi basi ya m'mawa. Ndikufuna kuona mathanki musanathire m'mabotolo. Chonde musatsegule ngakhale imodzi ndisanafike. Zina tidzakamba pamaso.

Mlongo wanu,
Mphuno


2 Meyi

Mphuno,

Moni.

Za mathanki ndi mabotolo wazidziwa bwanji, ine ndisanakuuze? Ndinamufunsa mlamu wako funso lomweli, anayamba kupukuta mbale youma kale. Waulula. Ndiye m'nyumba mwanga momwe muli mtolankhani.

Chabwino, wadziwa. Achimwene ako ndi chitsa. Amafulula mowa umene sakuumva, ngati wosaona wogulitsa magalasi. Lembanso m'nyuzi, mawu ako oyamba aja anali oona theka.

Koma usabwere. Kunditukwana ndinapirira, chisoni chako sindichifuna. Ndikudziwa mmene zidzathere. Udzalowa ndi kamphuno kako m'mwamba, antchito adzaona kuti mwini weniweni wafika, ine ndidzasanduka wonyamula makireti m'fakitale ya bambo anga. Zaka zisanu ndi zitatu ndadzuka ndi mathanki amenewa. Pamene denga linagwa unali kuti? Pamene makina oziziritsa anafa pakati pa chilimwe unali kuti?

Ukabwera udzapeza geti lokhoma. Ndanena.

Achimwene ako


9 Meyi

Bambo a mwana,

Moni. Ndinafika bwino. Mwana akudya? Mumuyang'ane nsapato asanatuluke pasukulu, musadalire aphunzitsi.

Geti ndinalipezadi lokhoma. Achimwene anaima mkati, manja m'thumba, ine kunja ndi chikwama. Aonda, bambo a mwana. Kolala ya malaya ikuchita kulendewera.

Anati, "Kalata yanga sinafike?"

Ndinati, "Inafika. Keyala mwayamba kulemba bwino."

Tinayang'anana ngati atambala. Anthu odutsa anayamba kuchepetsa liwiro. Kenako alamu anatuluka m'nyumba, anawapisa m'thumba achimwene ngati akupisa mwana woba shuga, n'kutulutsa kiyi, n'kutsegula geti. Anati, "Mukatukwanirane mkati, msewu si wa bambo anu."

M'chipinda chozizira tinalowa awiri. Ndinatapa thanki yoyamba, kufunditsa kapu m'manja. Chimera chopserera, ndipo wayamba kusasa. Yachitatu chimodzimodzi. Yachiwiri inali ndi batala, koma pansi pake ndinamva khoko la buledi, lenileni lija. Ndinatembenukira kukhoma kuti asaone nkhope yanga.

Anati, "Nena. Pano palibe mtolankhani."

Ndinati, "Yachiwiri ipulumuka. Tiifunditse pang'ono masiku atatu yisiti adzuke, kenako igone mpaka ine nditanena. Ziwirizi n'zotaya."

Anakuwa mpaka mathanki kuchita kulira. Akuti ndikudziwa thukuta limene lili mmenemo? Akuti ndabwera kudzamaliza zimene ndinayamba. Nanenso ndinakuwa. Ndinawauza kuti miyezi khumi akhala akumwetsa anthu bodza chifukwa choopa kulembera mlongo wawo mzere umodzi. Ndinati, "Mukanati Mphuno bwera, ndikanabwera ndi basi yomweyo. Munasankha kumira kusiyana n'kuti ndikuoneni mukunyowa."

Kenako anafunsa motsitsa, "Ndi woipadi chotero?"

Ndinati, "Bambo akanataya."

Anaitana antchito onse asanu. Ine ndimati akufuna andithamangitse pamaso pawo. Koma anaima pakati n'kunena kuti, "Mphuno yanga inafa chaka chatha. Ndakhala ndikukunamizani." Mayi wotsuka mabotolo anayankha kuti, "Timadziwa, bwana. Tsiku lija munayamikira fungo la kapu imene inali ndi madzi otsukira." Palibe anaseka. Achimwene anagwada, anatsegula okha mpopi wa thanki yoyamba. Sanalole munthu kuwathandiza. Mowa unayenda m'ngalande wakuda bii, thovu kufika m'akakolo, iwo ali chigwadire mpaka thanki yachitatu inatha. Nsapato zanga zakuntchito zija zathera pomwepo.

Madzulo ake ndinawapepesa za mawu a m'nyuzi. Anati sanamve. Ndinafunsa ngati makutu nawonso anafa. Anandiponyera chisanza.

Lero m'mawa takazinga chimera chatsopano. Ndikuuzeni zoona, moto amaudziwa kuposa ine. Amaona mtundu, amatikita njere pakati pa zala, amadziwa potembenuza. Ine ndinangoima pambali n'kumanunkhiza. Pakati pa ntchito anandifunsa osandiyang'ana, "Chikununkha bwanji?" Ndinati ngati buledi akutuluka mu uvuni. Patapita kanthawi anafunsanso. Ndinati khofi wayamba. Anati, "Phula!" Tinaphula pa nthawi yake yeniyeni. Atatero anapita kukaima panja nthawi yayitali, ine sindinawatsatire.

Sitinagwirizane chilichonse. Za mawa sitinakambe, ndipo tikayamba tikanganso. Asitolo yayikulu atayika, mwini bala akuti aona kaye. Koma thanki yachiwiri singatsegulidwe popanda ine, ndiye pa 14 sindibwera monga ndinanenera. Mukawauze kuntchito kuti tchuthi ndawonjezera, akakwiya akwiye. Munditumizire majombo anga a mphira ali kuseri kwa chitseko, ndi juzi yokhuthala. Muno mukuzizira.

Achimwene akuti ndiwasiyire malo pansipa.

Mkazi wanu

Alamu, moni. Mkazi wanu ndi wamwano, sindikudziwa mumakhala naye bwanji. Majombowo mutumize msanga, akuvala anga ndipo ine ndikuyenda m'madzi.